A Kadontho ndi Ndowa Yobiriwira

Mlamu wanga ntchito yake ndi kununkhitsa madzi. Amatero amayi a kwathu kuno, ndipo sanama. Mukapita kuchitsime chathu, kuseri kwa mzere wa nyumba za lendi, mukamupeza atakhala pakabokosi kamatabwa, botolo la klorini lili pakati pa miyendo, jakisoni wopanda singano ali m'manja. Ndowa iliyonse ikachoka pachitsime imayamba yaima pamaso pake. Iye amayang'ana kukula kwa ndowayo, amakoka mankhwala mpaka pakamzere koyenera, n'kupopera m'madzimo, tswii. Kenako amanena mawu ake omwe aja: "Mudikire kaye pang'ono musanamwe." Ina ibwere. N'chifukwa chake anthu anam'patsa dzina loti a Kadontho, ndipo la makolo ake latsala pang'ono kuiwalika.

Mkazi wake anali mng'ono wanga, wondipondera pamutu. Ine ndimasoka zovala pakhonde, makina anga anayang'ana njira ya kuchitsimeko, choncho moyo wa munthu ameneyu wadutsa pamaso panga m'mawa ndi madzulo. Sindikufotokoza izi kuti ndimutame kapena kuti ndimutukwane. Zonse ziwiri ndinayesa kale, sizinandithandize kanthu.

Asanakhale Kadontho anali wotunga madzi. Ankakankha wilibala yodzaza zigubu, kuperekera omanga nyumba, ogulitsa tiyi ndi a m'masaluni. Madzi ankawadziwa ngati abale ake. Ankadziwa chitsime chamchere, chitsime chimene chimafiira mvula ikagwa, ndi chimene chimaphwa dzuwa likangopsa pang'ono. Ndipo anali ndi chiphunzitso chake chimene ankauza aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe.

"Madzi amagona," ankatero. "Akagona, zoipa zonse zimatsikira pansi. Woyamba kutunga ndiye amatenga madzi enieni. Enanu mumangotunga matope a anzanu."

Choncho iye ankafika pachitsime munthu aliyense asanafike, n'kutsitsa ndowa pang'onopang'ono, chingwe osachigwedeza, kuti madziwo asadzuke. Anthu ankamuseka, komabe ankalimbirana madzi ake, chifukwa analidi oyera mbee, moti pansi pa chigubu pankaoneka.

Mng'ono wanga ankaluka tsitsi m'saluni ina imene mlamuyu ankaperekako madzi. Kufunsira kwake kunali kopanda mawu: ankangoyamba kudzaza mgolo wa saluni imeneyo, ena onse adikire. Nditamva kuti zafika pa ukwati, ndinakana kwamtuwagalu.

"Mwamuna wanji amene thalauza lake limakhala lonyowa tsiku lonse?" ndinam'funsa mng'ono wangayo.

"Bola wanga amanyowa ndi madzi, achemwali," anatero osakweza n'komwe maso pa tsitsi limene ankaluka. "Wanu uja ankanyowa ndi chiyani?"

Wanga uja anali chidakwa, ndipo anali atapita kale kwawo. Ndinatseka pakamwa, ukwati unachitika.

Anakhala bwino m'kachipinda kamodzi, nyumba ziwiri kuchokera kwanga. Koma mwana sankabwera. Mng'ono wanga anapita padera kawiri, ndipo achibale a mwamuna anayamba kulankhula mokuluwika pamaliro ndi pamaukwati. Mlamu wanga sanayankhepo aliyense. Ankangobwerera kunyumba, kukadzaza mgolo wa mkazi wake mpaka kusefukira, ngati kuti vuto linali kuchepa kwa madzi. Patapita zaka, mimba yachitatu inakhala. Inadutsa miyezi imene zinzake zija zinathera, ndipo tonse tinayamba kuyenda monyang'ama, osafuna kusangalala mokweza.

Chaka chomwecho mvula inagwa yosaona nkhope. Zimbudzi za m'munsi mwa mzere wathu zinadzaza n'kusefukira, madzi ake n'kuyenda m'njira mmene ana amasewera. Mvula itatha, anthu anayamba kudwala. Kutentha thupi, kufooka, mkodzo wofiira ngati tiyi wopanda mkaka, kenako maso achikasu. A zaumoyo anabwera n'kutisonkhanitsa pabwalo la sukulu. Anati matendawa dzina lake ndi hepataitisi E, ife tinangoti chikasu. Anafotokoza kuti kachilombo kake kamachokera m'chimbudzi cha wodwala, kamalowa m'madzi, munthu akamwa kamakagwira chiwindi. Ambiri amachira okha, anatero. Koma amayi oyembekezera, makamaka amene miyezi yapita, ndi amene kamawatenga. Atanena zimenezo ndinayang'ana mng'ono wanga. Anali atakhala panjerwa, manja onse awiri pamimba.

A zaumoyowo ankafuna munthu wokhala pachitsime chilichonse, wotsira mankhwala m'ndowa. Kwathu kuno sipanakhale mkangano. Amayi onse anatchula wawilibala uja. Anam'phunzitsa kayezedwe, anam'patsa botolo, jakisoni ndi kamalaya kowala kovala pamwamba. Kabokosi anabwera nako yekha.

Ntchitoyo anaigwira mpaka kutopetsa anthu. Amayi ankadandaula kuti tiyi akumveka chipatala, ndipo ena anayamba kuzembera kanjira ka kuseri kwa nthochi kuti asadutse pakabokosi. Iye ankawathamangira, jakisoni m'mwamba, kamalaya kakuuluka kumbuyo. Tsiku lina ndinamva akukangana ndi mayi wina wachikulire patsogolo penipeni pa khonde langa.

"Ine ndakalamba ndikumwa madzi omwewa, mwana iwe!"

"Zoona, mayi. Koma nthawi imeneyo zimbudzi sizinali pakhomo pa chitsime."

"Ndiye undimwetse zochapira zovala?"

"Munditukwane, mayi, koma ndowa tsitsani."

Anatsitsa. Ngakhale ine anandigwirapo tsiku lina nditafulumira ndi diresi la mwini wake. Anandiimitsa pakati pa njira, madzi ali pamutu, n'kukwera pamwala kuti afikire ndowa yanga.

"Chilamu chithera pakhonde, alamu," anatero. "Kuno ndine boma."

Vuto linayambira m'nyumba mwake momwe. Mimba ili ndi zake: wina amadana ndi fungo la anyezi, wina la sopo. Mng'ono wanga anadana ndi fungo la mankhwala aja. Akangoyandikitsa kapu kukamwa, nseru, n'kuthamangira panja. Mwamuna wake akalowa m'nyumba, manja ake ankamusanzitsa, moti ankayamba wasamba kaye panja ndi sopo kawiri konse. Tinayesa kuwiritsa madzi, anati akumveka utsi ndi poto, nawonso anabwerera. Tinafinyiramo ndimu, tinathiramo shuga, osathandiza. Milomo inayamba kung'aluka. Kusikelo namwino anam'kalipira kuti mayi wosamwa madzi akuzunza mwana. Ine ndinawonjezera zanga.

"Tseka mphuno umeze," ndinatero. "Anzako akumwa, iwe ndiwe mfumukazi ya kuti?"

Anayesa pamaso panga, misozi ili mbwembwembwe, ndipo anasanza pamapazi anga. Mlamu wanga anaima pakhomo, akuyang'ana, manja ake onunkhawo atawabisa kumbuyo.

Patapita masiku ochepa ndinalowa m'chipinda chawo n'kupeza mng'ono wanga akumwa madzi, kapu yonse, osapuma. Pakona panali ndowa yatsopano yobiriwira yokhala ndi chivundikiro, kapu yake pamwamba.

"Imeneyo ndi yanga ndekha, achemwali," anatero akuseka. "Musakhudze. Bambo akunowa andikonzera."

Ndinam'funsa mlamu wanga kuti wachita matsenga anji.

"Ndamupezera njira, alamu," anayankha, n'kutuluka.

Ndinaganiza kuti amawasiya madziwo akhale kaye mpaka fungo lichepe, poti anthu ankanena kuti limachepa. Sindinafunsenso. Ndinali wokondwa, ndipo munthu wokondwa safunsa mafunso. Mng'ono wanga anabwerera m'thupi mwake, masaya anadzaza, anayambanso kuluka ana a anansi pakhonde langa. Ine ndinkamukulitsira madiresi, iye akundinena kuti ndimasoka ngati ndikukutira mgolo.

Maso ake ndinawaona ndine, patapita milungu ingapo. Anali atadandaula za kufooka ndi kusafuna chakudya, tonse tinkati ndi mimba. Tsiku limenelo ndinkamuyeza m'mapewa pakhonde, dzuwa lili pankhope pake.

"Tayang'ana kumwamba," ndinatero.

Anayang'ana. Moyera monse mwa diso munali mwachikasu. Ndinapinda tepi yanga bwinobwino n'kuiika m'kabati ya makina, kenako ndinatuma uthenga kuchitsime.

Kuchipatala wodi inali yodzaza, ena atagona pansi. Amayi athu anafika madzulo ake. Namwino wina, akumuika mng'ono wanga madzi a m'mitsempha, anafunsa kuti kunyumba timamwa madzi otani. Amayi ndi amene anayankha, monyadira.

"Mwamuna wake ndi uyu, ndi amene amatsira mankhwala pachitsime chonse. Kwawo madzi osatsira salowa."

Namwino anagwedeza mutu n'kupitiriza ntchito yake. Mlamu wanga ankayang'ana khoma.

M'mawa mwake ndinabwerera kunyumba kukatenga nsalu ndi beseni. Ndinafika masana, dzuwa lili paliwombo, kukhosi kuli gwa. Ndinalowa m'chipinda chawo, ndipo ndowa yobiriwira inali pakona paja, yodzaza, monga anaisiyira dzulo lake. Mwini wake woletsa kunalibe. Ndinavundukula, ndinatunga, ndinamwa. Anali madzi okoma, ozizira, ngati amene tinkamwa tili ana. Ndinatunganso kapu yachiwiri, ndipo ndili pakati pomwa ndinazindikira chimene chinkakomacho. Munalibe fungo ngakhale pang'ono. Madzi a kwanga, ngakhale agone, amasiya kanthu palilime. Awa ayi. Pamsomali pamwamba pa ndowayo panali kansalu koyera, kochapidwa bwino, kokhala ndi chizindikiro chozungulira cha kukamwa kwa ndowa.

Ndinakhala pakama wawo. Ndinadikira kuti mtima uyambe kuthamanga, kapena kuti ndilire, koma sipanachitike kanthu. Madzi otsala m'kapu ndinamaliza, poti anali kale m'manja. Ndinatenga nsalu ndi beseni, ndinakhoma chitseko.

Mlamu wanga ndinam'peza kuseri kwa wodi, pampopi pamene odikirira odwala amachapira. Ankatsuka mbale imodzi yomwe inali yoyera kale.

"Alamu, m'ndowa yobiriwira ija munkatsiramo?"

"Ayi."

"Chiyambire?"

"Chiyambire."

Mpopi unkangotayika. Anautseka.

"Anali oyamba, alamu," anatero. "Ndinkatunga munthu asanafike. Anali atagona. Ndinkasefanso pansalu."

"Kachilomboko kamagona?"

"Sindikudziwa."

"Inu amene mumathamangitsa nkhalamba m'njira?"

"Ankamwa, alamu. Ankamwa osasanza."

"Mwiniwake akudziwa?"

"Ndinamuuza kuti ndimatsira pang'ono."

Anthu amandidziwa kuti pakamwa panga sipagwa ntchentche. Ndinatukwanapo eni nyumba, apolisi, ngakhale abusa. Koma tsiku limenelo sindinam'tukwane. Ndinam'patsa beseni kuti anyamule, tinalowa m'wodi limodzi.

Mng'ono wanga anayamba kusokonezeka. Ankanditcha amayi, amayi n'kumawatcha kasitomala. Zala zake zinkaluka ulusi wa m'mphepete mwa bulangete, mwaluso ndithu, mizere yowongoka, kwinaku maso ali kudenga. Mwamuna wake akayandikira ankatembenuza nkhope n'kunena kuti, "Kasambeni m'manja," ngakhale kuti botolo anali asanaligwire chichokere kunyumba. Iye ankapitadi kukasamba, n'kubwerera, n'kuuzidwanso zomwezo.

Matenda anayambitsa kubereka nthawi isanakwane. Mwana anabadwa wamkazi, wochepa moti ankakwana m'manja mwanga muwiri. Analira pang'ono ngati kamphaka. Magazi a mayi wake sanaleke. Anamwino anathamanga, anayesa zimene akanatha, ine ndinawaona, sindingawanamizire. Dokotala anatuluka m'mawa dzuwa litakwera kale, anatiitanira pambali n'kutiuza kuti mng'ono wanga watisiya. Amayi anagwa pansi. Ine ndinafunsa kuti bulangete lija ndi lachipatala kapena ndi lathu, poti ndinali nditaiwala.

Dokotala yemweyo ndinam'funsa pambuyo pake ngati angadziwe madzi enieni amene anam'dwalitsa. Anati palibe angadziwe. Kachilombo kakhoza kulowa ndi kapu ya kwa anansi, ndi chipatso chotsukidwa m'madzi oipa, ndi manja. Ndinakamuuza mlamu wanga mawu amenewo, sindikudziwa chifukwa chake, mwina ndinkafuna kuona ngati angawatole. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena kuti, "Zikomo, alamu." Sanawatole.

Za ndowa ija sindinauze munthu. Amayi mpaka lero amamutchula kuti mkamwini wabwino, amene anateteza mzere wonse koma Mulungu n'kumulanda wake. Ndikamva zimenezo ndimangopitiriza kupalasa makina. Akuluakulu amati chisoni chinapha nkhwali. Kwathu kuno wachisoni ali moyo, amadya, amayenda. Nkhwali imene inafa ndi ina.

Maliro atangotha mlamu wanga anabwerera pakabokosi. Ena anati ndi wolimba mtima, ena anati alibe mtima. Ine ndikuona kuti analibe kwina kopita. Anasiya kuthamangira ozemba. Masiku ano amangokaima pakanjira ka kunthochi kaja, osalankhula, mpaka munthu atatsitsa yekha ndowa. Nthabwala za boma zija zinatha. Zoti madzi amagona sindinamumvenso akunena, ndipo wina akazitchula moseka, iye amayang'ana kamzere ka pajakisoni. Chikasu chinatha m'dera lathu, kamalaya kowala kanasuluka mpaka kuyera, koma a zaumoyo amabweretsabe botolo, iye amakhalabe pomwepo.

Mwana ndinatenga ine. Panalibe zokambirana: bambo wake amakhala kuchitsime tsiku lonse, ine ndimakhala pakhonde. Miyezi yoyamba ndinkasoka naye ali pachifuwa, nditam'manga ndi nsalu mkati mwa bulauzi monga anandiphunzitsira anamwino, makina akulira, iye akugona. Ankamwa mkaka wa m'chitini, ndipo mkaka wa m'chitini umafuna madzi.

M'mawa woyamba titatuluka m'chipatala ndinamva kugogoda. Nditatsegula ndinapeza mlamu wanga, ndowa yobiriwira ili m'manja. Yomwe ija.

"Chotsani chimenecho pakhomo panga," ndinatero.

Sanachoke. Anavundukula, anainyamula ndi manja awiri mpaka pafupi ndi nkhope yanga, n'kudikira. Ndinaweramira. Fungo la mankhwala linandilowa mpaka m'maso.

"Akununkha," ndinatero.

Anagwedeza mutu, anaika ndowayo mkati mwa chitseko, anayang'ana mwana ali patali, n'kumapita kuchitsime. Kuyambira tsiku limenelo ndi mmene timapatsirana moni. Iye amavundukula, ine ndimanunkhiza, ndimati akununkha, iye amapita. Sindinam'pemphe kuti azitero, ndipo sindinamuuzepo kuti asiye. Madzi a mkaka ndinkawawiritsabe, iye akudziwa, osadandaula.

Mwanayo anakula, mochedwa koma anakula. Anatenga mphumi ya mayi wake ndi zala zake zazitali. Atayamba kudya zolimba ndi kuyenda chogwira makoma, namwino wa kusikelo anati tsopano azimwa madzi m'kapu ngati wina aliyense, bola akhale otsira.

Ndinayesa m'mawa wina bambo wake asanachoke pakhomo. Ndinatunga m'ndowa yobiriwira n'kum'patsa mwanayo. Mwana anagwira kapu ndi manja awiri, anaiyandikitsa kukamwa, kenako anaima. Anakwinya mphuno, anatembenuza nkhope kumbali, n'kukankha kapuyo ndi kuseri kwa dzanja. Ndinaidziwa nkhope imeneyo. Bambo wake nayenso anaidziwa. Mwana ankatiyang'ana tonse awiri, milomo yake ili youma ndi kutentha kwa m'mawawo.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndiwiritsa, ndiziziritsa, tiyesa mawa. Mlamu wanga anali atagwada kale. Anaika jakisoni wake pansi, ananditenga kapu m'manja, n'kumukhazika mwanayo pabondo pake. Aka kanali koyamba kumuona atamunyamula popanda kuuzidwa. Mwana analira, anapalapata, anam'menya pachibwano. Madzi ena anatayikira pakamalaya kosuluka kaja.

"Alamu, mwana akulira," ndinatero.

"Alire," anayankha.

Anagwira kapuyo pakamwa pa mwana mpaka tinamva kuti wameza. Anam'patsanso, anamezanso. Kenako anam'pukuta kukamwa ndi chala, anandibwezera mwana ndi kapu, anatola jakisoni wake. Kuchitsime ndowa zinali zitayamba kale kundanda.